Chamba cha Mankhwala ndi Ufulu wa Wodwala m'Malawi

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikuunika lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo ya dziko la Malawi idavomereza mu Febuluwale 2020, lololeza kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba chogwiritsa ntchito ngati mankhwala, m'mafakitale ndiponso pa kafukufuku, ndipo funso lomwe ikufuna kuyankha ndi lakuti kodi lamuloli limampindulira chiyani munthu wodwala, amene mankhwala aliwonse amapangidwira iyeyo. Funsoli n'lofunika chifukwa pa nthawi imene aphungu ankakambirana za nkhaniyi, mfundo zomwe zidamveka kwambiri zidali zokhudza ndalama zakunja, kuchepa kwa ogula fodya pa msika wa dziko lonse, ndi kufunika kopeza mbewu ina yoti idzalowe m'malo mwa fodya wa bale, amene kwa zaka zambiri wakhala akudyetsa mabanja ndi kubweretsa ndalama kudzera ku okushoni ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Biluyo idabwera m'nyumbamo ndi nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, a Kondwani Nankhumwa, ndipo bungwe lomwe lamuloli lidakhazikitsa, la Cannabis Regulatory Authority, lidaikidwa pansi pa unduna wa zaulimi. Zimenezi sizolakwika mwa izo zokha, koma zikusonyeza kuti lamuloli lidabadwira kumunda, ndipo kuchokera kumunda kukafika pabedi la m'chipatala pali mtunda wautali womwe sungayendedwe ndi chilolezo cholimira chokha.

Nkhani yololeza chamba idayamba kumveka mwamphamvu mu 2015, pamene a Boniface Kadzamira, omwe adali phungu wa dera la kumpoto kwa boma la Ntchisi, adapempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizire zolola mtundu wa chamba chogwiritsa ntchito m'mafakitale, ndipo anthu ambiri adawaseka chifukwa dzina loti chamba, kapena fodya wamkulu monga ena amanenera, lidali lolumikizana ndi ndende ndi misala basi. M'zaka zomwezo boma lidalola kampani ya Invegrow kuti iyese kulima mitundu ina ya mbewuyi ku malo ochitira kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ku Lilongwe. Maiko oyandikana nawo adali pa ulendo womwewo: Lesotho idayamba kupereka zilolezo zolimira chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe idatsatira mu 2018, ndipo Zambia idakhazikitsa lamulo lake mu 2021.

Omvera ayenera kumvetsa bwino malire a lamulo la 2020, chifukwa pali ambiri amene adalimva ngati chilolezo choti aliyense adzale chamba kuseri kwa nyumba kapena kudimba. Kusuta chamba pofuna kuledzera n'koletsedwabe, ndipo lamulo lakale lothana ndi mankhwala oopsa, lotchedwa Dangerous Drugs Act, likugwirabe ntchito kwa aliyense wopezeka ndi chamba popanda chilolezo. Lamulo latsopanoli nalonso lili ndi zilango zake, zomwe zingafike zaka 25 m'ndende kwa wolima, wokonza kapena wogawa chamba popanda chilolezo. Choncho chomwe chidasintha ndi chakuti munthu kapena gulu lomwe lakwaniritsa zofunika ndi kulipira ndalama yoikika lingapatsidwe layisensi. Pamene mitengo idalengezedwa kumapeto kwa 2020, layisensi yolimira chamba cha mankhwala idali madola 10,000 a ku America, pamene ya chamba cha m'mafakitale idali madola 2,000, ndalama zomwe mlimi wamng'ono wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, kumene mbewuyi yakhala ikulimidwa mobisa kwa zaka zochuluka, sangazipeze payekha, n'chifukwa chake ambiri adalangizidwa kulowa m'makopaletivi.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kukuchokera pa zinthu ziwiri zopezeka m'maluwa ndi m'masamba a mbewuyi. Choyamba chimatchedwa THC mwachidule, ndipo ndicho chimaledzeretsa, kusintha kaganizidwe ndi kaonedwe ka zinthu, komanso kuchepetsa nseru ndi kudzutsa chilakolako cha chakudya. Akatswiri awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, ndiwo adachipatula ndi kufotokoza kapangidwe kake mu 1964. Chachiwiri chimatchedwa CBD, chomwe sichiledzeretsa, koma chili ndi mphamvu yochepetsa kukomoka kwa odwala mitundu ina ya khunyu. Chamba cha m'mafakitale chili ndi THC wochepa kwambiri moti sichizunguza bongo, ndipo phindu lake lili mu luzi lopangira zingwe, nsalu ndi mapepala, komanso m'njere zake zoyengera mafuta. Chamba cha mankhwala ndi chomwe chimalimidwa mosamala kuti chikhale ndi mlingo wodziwika wa THC ndi CBD. Chifukwa chomwe zinthuzi zimagwirira ntchito m'thupi la munthu chidadziwika pambuyo pake, pamene ofufuza adapeza kuti mu ubongo, m'mitsempha ndi m'chitetezo cha thupi muli timalo tolandirira zinthu zofanana nazo, ndipo mu 1992 adapeza kuti thupi limapanga lokha chinthu china chotchedwa anandamide, chomwe chimamatirira pa timalo tomweto pothandiza kuwongolera ululu, njala ndi tulo.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Tsono ufulu wa nzika pa zaumoyo ndi chiyani, nanga wakhazikika pati? Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, satchula ufulu wa umoyo mwachindunji m'mutu wachinayi, momwe muli mndandanda wa maufulu achibadwidwe. Nkhani ya umoyo ili m'ndime 13, pakati pa mfundo zotsogolera boma, pomwe boma likulamulidwa kuti pang'onopang'ono likhazikitse ndondomeko zopereka chisamaliro chaumoyo chokwanira, chogwirizana ndi zosowa za Amalawi ndiponso ndi miyezo yovomerezeka pa dziko lonse. Ndime 14 ikunena kuti mfundo zimenezi ndi zolozera njira chabe, ngakhale makhoti angathe kuzigwiritsa ntchito pomasulira malamulo. Komabe ndime 16 imateteza ufulu wokhala ndi moyo, ndime 19 imateteza ulemu wa umunthu, ndipo ndime 30, yonena za ufulu wa chitukuko, imatchula poyera kuti boma liyenera kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo chaumoyo. Kuwonjezera apo dziko lino lidavomereza pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa anthu, lomwe ndime yake ya 16 imanena za umoyo, komanso pangano la United Nations la ufulu wa zachuma, zachikhalidwe ndi za umoyo wa anthu, lomwe ndime yake ya 12 imanena za ufulu wa munthu aliyense wokhala ndi thanzi labwino m'thupi ndi m'maganizo.

Komiti ya United Nations yoyang'anira panganoli idafotokoza mu 2000 kuti ufuluwu sutanthauza kuti boma lidzaletsa anthu kudwala, koma kuti chithandizo chikhale chilipo, chikhale chofikirika kwa onse potengera mtunda ndi mtengo, chikhale cholemekeza munthu ndi chikhalidwe chake, ndiponso chikhale chabwino, chotsimikizika ndi sayansi. Mfundo yomalizayi ndi imene imaiwalika kawirikawiri pa mkangano wa chamba. Ufulu wa umoyo suli ufulu womwa china chilichonse chomwe chatchedwa mankhwala. Ndi ufulu wolandira chinthu chomwe chayesedwa, chomwe mlingo wake ukudziwika, ndipo kuopsa kwake kwafotokozedwa kwa wodwalayo m'chilankhulo chimene akumva. Pamfundo imeneyi boma limalakwira wodwala likamumana mankhwala ogwira ntchito chifukwa cha mantha kapena manyazi a dzina, ndipo limamulakwiranso chimodzimodzi likalekerera amalonda kuti amugulitse botolo la mafuta osadziwika pomulonjeza machiritso a matenda onse.

Maiko a dziko lapansi nawo adasintha maganizo m'chaka chomwecho cha 2020 chimene Malawi idavomereza lamulo lake la chamba. Pangano la 1961 lothana ndi mankhwala ozunguza bongo lidaika chamba m'gulu lachinayi, la zinthu zoopsa kwambiri zomwe phindu lake pa zachipatala n'lochepa kapena palibe, pamodzi ndi heroin. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO litaunika umboni lidalangiza mu 2019 kuti chamba chichotsedwe m'gululi, ndipo pa 2 Disembala 2020 komiti ya United Nations yoona za mankhwalawa idavomereza, maiko 27 atavota movomera ndipo 25 atakana. Chamba chidatsalabe m'gulu loyamba, momwe mulinso morphine, kutanthauza kuti chingagwiritsidwe ntchito pa zachipatala ndi kafukufuku koma moyang'aniridwa kwambiri.

Umboni wa sayansi suli wofanana pa matenda onse, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mu 2017 bungwe la akatswiri a sayansi ndi zachipatala la ku America, la National Academies, lidaunika kafukufuku wochuluka wa nkhaniyi ndi kupeza umboni wamphamvu pa zinthu zitatu: kuchepetsa nseru ndi kusanza kwa odwala khansa omwe akulandira mankhwala opha khansayo, kuchepetsa ululu wokhalitsa wa anthu aakulu, ndi kufewetsa kuuma kwa minofu kwa odwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Mankhwala otchedwa dronabinol, omwe ndi THC wopangidwa m'fakitale, adavomerezedwa ku America mu 1985 pa vuto la nseru, ndipo mu 1992 adavomerezedwanso kwa odwala Edzi omwe ataya chilakolako cha chakudya ndi kuonda. Koma palibe umboni wokwanira woti chamba chimachiza khansa, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV, ndipo mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda omwe dziko la Malawi lili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri pa dziko lonse, akataya miyezi akumwa mafuta a chamba m'malo mopita kuchipatala, amataya nthawi yomwe opaleshoni ikadamupulumutsa. Chimodzimodzi munthu amene wasiya mankhwala otalikitsa moyo chifukwa wauzidwa kuti chamba chimachotsa kachilombo m'magazi, wanamizidwa, ndipo bodzalo lingathe kumutengera kumanda.

Matenda a khunyu ndiwo akuonetsa bwino pamene pali chiyembekezo ndi pamene pali malire. M'midzi yambiri mwana wa khunyu amadziwika ndi zipsera za moto m'manja ndi kumaso, chifukwa amagwa pamene ali pafupi ndi mafuwa, ndipo anthu ena amaopa kumugwira pokhulupirira molakwika kuti thovu lotuluka m'kamwa mwake limapatsirana matendawa. Mwana wotere nthawi zambiri amasiyitsidwa sukulu, amaletsedwa kupita kuchitsime kapena kunyanja, ndipo makolo ake amayenda kwa asing'anga ndi kumapemphero kwa zaka asadafike kuchipatala. Khunyu m'dziko muno limayamba pa zifukwa zodziwika, monga kubanika kwa mwana pobadwa, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu ndi malungo ogwira ubongo, ndipo kafukufuku wochitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adasonyeza kuti ana ena opulumuka malungo otere amayamba kugwa khunyu pambuyo pake. Banja lotere likamva pa wailesi kapena pa WhatsApp kuti chamba chimachiza khunyu, n'zosadabwitsa kuti mtima umakwera, pakuti palibe kholo lomwe limazolowera kuona mwana wake akuphupha pansi.

Zoona zake n'zakuti mankhwala a CBD woyengedwa bwino, otchedwa Epidiolex, adavomerezedwa ku America mu 2018 pa mitundu iwiri ya khunyu yosowa komanso yovuta kwambiri, yoyamba munthu ali mwana, yotchedwa Dravet ndi Lennox-Gastaut, ndipo ngakhale pamenepo amaperekedwa mowonjezera pa mankhwala ena, ndipo amachepetsa kugwa, sachiza matendawo. Mtengo wake pa nthawi imene adayamba kugulitsidwa udali madola oposa 30,000 pa wodwala mmodzi pa chaka. Pamene zili choncho, bungwe la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse odwala khunyu angathe kusiya kugwa atamamwa moyenera mankhwala akale otsika mtengo, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate, koma m'maiko osauka anthu atatu mwa anayi alionse odwala khunyu salandira chithandizo chimene akufunika. Izi zikutanthauza kuti kwa ana ambiri a khunyu m'Malawi, ufulu wa umoyo ukuphwanyidwa osati chifukwa chosowa CBD, koma chifukwa pa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo mankhwala wamba amatha, kapena chifukwa mtunda ndi wautali ndipo ndalama ya kabaza palibe mwezi ndi mwezi. Kwa ana ochepa amene mankhwala onsewa alephera, CBD ndi chiyembekezo chenicheni, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni kuti dziko lolima mbewuyi lizitumiza maluwa ake kunja pamene mwana wa dziko lomwelo sangaone ndi botolo lomwe la mankhwala opangidwa kuchokera ku maluwawo.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Akale adati walira mvula walira matope, ndipo chamba chili ndi matope ake omwe sayenera kubisidwa. Lipoti lomwe lija la 2017 lidapezanso umboni wamphamvu woti kusuta chamba kumagwirizana ndi kuyamba kwa matenda a misala, makamaka kwa osuta pafupipafupi, kuti kumachulukitsa ngozi za pamsewu kwa oyendetsa galimoto atasuta, kuti amayi osuta ali oyembekezera amabereka ana ochepa sikelo, ndiponso kuti utsi wake umayambitsa chifuwa chosatha. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, n'chifukwa chake achinyamata ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo mwa anthu oyamba kusuta adakali achichepere, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amafika posatha kukhala opanda chamba. Ogwira ntchito pa chipatala cha anthu odwala maganizo cha ku Zomba ndi pa chipatala cha St John of God ku Mzuzu amakumana ndi achinyamata osokonezeka mutu omwe akhala akusuta chamba, ndipo m'dziko lomwe madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka pa zala, nkhawa ya makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo siyenera kuonedwa ngati umbuli. Wachinyamata amene wasokonezeka mutu nayenso ndi nzika yokhala ndi ufulu wa umoyo, ndipo chomuthandiza ndi chipatala ndi uphungu koposa chitokosi cha apolisi.

Phunziro lalikulu la momwe chinthu choopsa chingasandukire chithandizo chotetezeka lili kale m'zipatala za dziko lino, ndipo ndi morphine. Mankhwalawa amachokera ku mbewu ya opium, yomwenso imatulutsa heroin, ndipo mphamvu yake yozoloweretsa thupi imaposa ya chamba, komabe ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO kuyambira 1977, chifukwa amaziziritsa kwambiri ululu wa khansa yofalikira. M'Malawi chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika chidakula kudzera m'malo monga kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth, malo a Ndi Moyo ku Salima, ndi bungwe la Palliative Care Association of Malawi, lomwe lakhala likuphunzitsa anamwino ndi madokotala. Wodwala khansa ya kummero amene sangathenso kumeza nsima, amene usiku wonse amabuula mpaka oyandikana nawo kusowa tulo, akapatsidwa morphine wamadzi m'botolo, womusamalira amaphunzitsidwa kuyeza mlingo ndi jakisoni wopanda singano ndi kumudonthetsera m'kamwa maola anayi alionse, ndipo pakapita masiku ochepa munthu uja amatha kugona, kumwa phala ndi kulankhula ndi ana ake za munda ndi za mawa. Kuti botolo limenelo lifike m'nyumba ya udzu padafunika zinthu zambiri zoposa lamulo lololeza: padafunika kuitanitsa mankhwala kudzera ku nkhokwe ya mankhwala ya boma, kabati yokiya pa chipatala, kaundula wolembamo mlingo uliwonse wotuluka, ogwira ntchito ophunzitsidwa, ndi kuthetsa mantha a madokotala ena amene ankaganiza kuti morphine amafulumizitsa imfa. Ngakhale zonsezi zidachitika, odwala ambiri akumidzi samufikirabe, chifukwa amapezeka kwambiri pa zipatala zazikulu ndi za m'maboma kusiyana ndi zipatala zazing'ono.

Ngati mankhwala otsika mtengo, odziwika bwino komanso ololedwa kwa zaka zambiri ngati morphine amavutabe kufika kwa wodwala wa kumudzi, ndiye kuti chamba cha mankhwala sichidzafika chokha chifukwa choti aphungu adavomereza bilu. Njira yake iyenera kudutsa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 ndipo ndilo limalembetsa mankhwala alionse asadayambe kuperekedwa kwa anthu. Kulembetsako si mwambo chabe. Mbewu ya chamba imayamwa zitsulo zoopsa zopezeka m'nthaka, monga mtovu, maluwa ake akapanda kuuma bwino amachita nkhungu ngati momwe mtedza umachitira chuku, ndipo nkhunguyo ingayambitse matenda a m'mapapo kwa munthu amene chitetezo cha thupi lake chatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa. Mlingo wa THC umasiyananso munda ndi munda, ngakhale phata ndi phata, moti supuni imodzi ya mafuta ophikidwa kunyumba ingakhale yopanda mphamvu lero ndi kukhala yokomola munthu mawa. Pa chifukwa chimenechi kusuta ndudu ya chamba sikungatchedwe kulandira chithandizo, pakuti dokotala sangalembe mlingo wa utsi, ndipo mapapo a munthu amene adadwalapo chifuwa chachikulu safunikanso utsi wa mtundu wina uliwonse.

Palinso nkhani ya kugundana kwa mankhwala m'thupi, yomwe ikukhudza Amalawi kwambiri chifukwa cha matenda omwe afala kuno. THC ndi CBD zimagayidwa m'chiwindi, momwenso mankhwala ena ambiri amadutsa. Rifampicin, amene ndi msana wa chithandizo cha chifuwa chachikulu, amafulumizitsa ntchito ya chiwindi moti amachepetsa mphamvu ya zinthu ziwirizi m'magazi, ndipo carbamazepine amachitanso chimodzimodzi, pamene CBD akaphatikizidwa ndi sodium valproate angathe kuvulaza chiwindi, n'chifukwa chake odwala otere amayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi. Kafukufuku wambiri wa mankhwala a chamba adachitikira ku Ulaya ndi ku America, pakati pa anthu omwe ambiri sakumwa mankhwala a HIV, a chifuwa chachikulu kapena a malungo, ndiponso omwe sasowa chakudya m'miyezi ya njala. Apa ndi pamene mbali ya lamulo la 2020 yololeza kafukufuku ili ndi phindu lenileni kwa wodwala, chifukwa imatsegula khomo loti sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences, sukulu ya zaulimi ya LUANAR ndi malo a Chitedze afufuze mitundu ya chamba ya kuno, yomwe kunja imatchuka ndi dzina loti Malawi Gold, ndi kudziwa zomwe zili m'kati mwake, m'malo modalira mbewu ndi nzeru zogula kunja kokha.

Kuweruza mwachilungamo, lamulo la 2020 lidachita bwino pochotsa chamba m'manja mwa apolisi okha ndi kuchiika pamene madokotala, alimi ndi ofufuza angachikambe poyera. Koma muyezo woliyezera suyenera kukhala kuchuluka kwa malayisensi kapena matani otumizidwa kunja basi. Liyenera kufunsidwanso ngati pali mankhwala a chamba olembetsedwa omwe dokotala wa pa chipatala cha khansa cha ku Kamuzu Central ku Lilongwe angalembere wodwala amene mankhwala ena oletsa kusanza amukanika, ngati anamwino ndi madokotala aphunzitsidwa za mlingo ndi kuopsa kwake, ngati makampani opatsidwa chilolezo angalamulidwe kusiya gawo la zokolola zawo kuti lipangidwe mankhwala otsika mtengo ogwiritsa ntchito m'dziko momwe muno, ndiponso ngati gawo la ndalama za malayisensi lingapite ku chisamaliro cha odwala maganizo ndi chochepetsa ululu. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adagwirizana ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo ngati mbewu yatsopanoyi ingabweretsedi chuma monga amayembekezera aphungu, n'koyenera kuti odwala akhale oyamba kulawa phindu lake, popeza dzina lawo nalonso lidagwiritsidwa ntchito potsegula khomoli.

Kwa banja lomwe lili ndi wodwala lero, zoyenera kudziwa ndi zomveka. Kugula chamba kwa wogulitsa wa mumsewu n'cholinga chochizira matenda ndi mlandu pamaso pa lamulo, ndipo botolo la mafuta lopanda chizindikiro cha bungwe loona za mankhwala silingadaliridwe, ngakhale wogulitsayo atalumbira motani. Wodwala amene wayamba kale kugwiritsa ntchito chamba ayenera kuuza dokotala kapena namwino mosabisa, pakuti ogwira ntchito zachipatala amalamulidwa kusunga chinsinsi cha wodwala, ndipo kudziwa zimenezi kumawathandiza kusankha mankhwala osagundana. Wodwala khansa amene ali pa ululu ali ndi ufulu wofunsa za chisamaliro chochepetsa ululu ndi za morphine pa chipatala cha boma lake. Mwana wa khunyu sayenera kusiyitsidwa mankhwala ake mwadzidzidzi pofuna kuyesa china, chifukwa kusiya phenobarbitone kamodzin'kamodzi kungayambitse kukomoka kotsatizana kosalekeza komwe kumapha. Akagwa, agonekedwe chammbali kutali ndi moto ndi madzi, asaikidwe supuni kapena chala m'kamwa, ndipo ngati kuphuphako kwapitirira mphindi zisanu, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

(Nyimbo yotsekera)